Kukonzekera Ulendo Wachipembedzo wa ku Akachisi a M'mbali mwa Mitsinje ya ku India

Ulendowu ndi wotani

Ahindu amalemekeza mitsinje ingapo ya m'dziko la India kuti ndi yopatulika, ndipo wolemekezeka kuposa yonse ndi Ganga. Mtsinjewu umachokera ku mapiri a Himalaya ndipo umayenda makilomita pafupifupi 2,500 usanathire m'nyanja ku Bay of Bengal. M'mbali mwake, komanso m'mbali mwa Yamuna, Godavari, Shipra, Sarayu ndi Narmada, muli mizinda yakale yokhala ndi akachisi ndi makwerero amiyala otsikira kumadzi, otchedwa ghat. Anthu amapita kumeneko kukasamba mumtsinje, kukaona chifanizo cha mulungu wawo m'kachisi, kukakwaniritsa chowinda, kukapempherera makolo amene adamwalira, kapena kukamwaza phulusa la m'bale amene mtembo wake udawotchedwa.

Ku Malawi kuno Ahindu ndi ochepa. Ambiri ndi zidzukulu za anthu amene adabwera kuchokera ku India, makamaka chigawo cha Gujarat, m'nthawi ya atsamunda, ndipo ali ndi akachisi awo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Komabe ulendo wotere sukhudza iwo okha. Pakhomo la ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe pangapezeke munthu amene adakwatira kapena kukwatiwa m'banja lachihindu, wina amene akuperekeza gogo yemwe amamusamalira, mwana amene akuphunzira ku India, kapena wodwala amene wachira kuchipatala cha kumeneko ndipo akufuna kuona malowa asanabwerere. Onsewa amakumana ndi mafunso ofanana: mizinda iti, mwezi uti, ziphaso ziti, ndalama zingati, ndiponso thupi lipirira bwanji.

Mizinda ndi mitsinje yake

*Haridwar* ndi pamene Ganga amatuluka m'mapiri n'kuyamba kuyenda m'chigwa, makilomita oposa 200 kumpoto kwa Delhi. Malo ake otchuka ndi Har Ki Pauri, pamene madzulo aliwonse ansembe amakweza nyale zoyaka kulemekeza mtsinje, mwambo wotchedwa aarti. Akachisi a Mansa Devi ndi Chandi Devi ali pamwamba pa mapiri, ndipo amene sangathe kukwera wapansi amakwera timabokosi toyenda pa chingwe. Ansembe ena a mumzindawu amasunga mabuku a mibadwo ya mabanja, ndipo banja likafika limalembetsamo amene abadwa, akwatira ndi amene amwalira. *Rishikesh* ali pafupi, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mtsinje, ndipo ndi kwabata kuposa ku Haridwar.

*Prayagraj*, mzinda umene unkatchedwa Allahabad mpaka m'chaka cha 2018, uli pamene Ganga ndi Yamuna amakumana. Ahindu amakhulupirira kuti pomwepo pamathiranso mtsinje wachitatu wosaoneka, Saraswati. Pamalo okumanirapo mitsinjeyi, pa Sangam, anthu amafikapo pa bwato.

*Varanasi*, umene ena amautchula Kashi kapena Banaras, uli makilomita pafupifupi 120 kum'mawa kwa Prayagraj. Uli ndi ma ghat oposa 80. Kachisi wake wamkulu ndi Kashi Vishwanath, wa mulungu Shiva. Nyumba imene ilipo lero idamangidwa m'chaka cha 1780 ndi mfumukazi Ahilyabai Holkar, ndipo mu Disembala 2021 adatsegula njira yotakata yolumikiza kachisiyu ndi mtsinje. Mwambo wa nyale umachitikira pa Dashashwamedh Ghat, pomwe pa Manikarnika ndi pa Harishchandra ndi powotchera mitembo usana ndi usiku.

*Mathura ndi Vrindavan* ali m'mbali mwa Yamuna, makilomita pafupifupi 150 kumwera kwa Delhi, ndipo ndi kwawo kwa mulungu Krishna. *Ayodhya* ali m'mbali mwa Sarayu. Kachisi watsopano wa Rama adatsegulidwa kumeneko pa 22 Januwale 2024. *Nashik* ali m'mbali mwa Godavari, ndipo amafikika mosavuta kuchokera ku Mumbai. Kachisi wa Trimbakeshwar ali makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzindawu. *Ujjain* ali m'mbali mwa Shipra, ndipo kachisi wake wa Mahakaleshwar ali ndi mwambo wa m'bandakucha umene ofuna kulowa amalembetseratu. *Gaya*, m'mbali mwa Phalgu, ndi kumene mabanja ambiri amakaperekera nsembe za makolo. Mabanja ochokera ku Gujarat amapitanso ku *Chandod*, m'mbali mwa Narmada.

Kusankha kopita

India ndi dziko lalikulu, ndipo cholakwika chimene ambiri amachita ndi kufuna kuona zonse pa ulendo umodzi poti tikiti yawadyera ndalama zambiri. Mapeto ake masiku amathera m'sitima ndi m'galimoto, ndipo okalamba amafika pakachisi atatheratu. Banja liyambe lagwirizana cholinga chenicheni cha ulendo, kenako lisankhe mizinda iwiri kapena itatu yoyandikana.

Pali njira zitatu zoyenda bwino. Yoyamba ndi yotsikira ku Delhi, kupita ku Haridwar ndi Rishikesh, kenako ku Mathura ndi Vrindavan. Yachiwiri ndi yochoka ku Delhi kupita ku Varanasi, Prayagraj ndi Ayodhya, ndipo ofuna nsembe za makolo amawonjezerapo Gaya. Yachitatu ndi yotsikira ku Mumbai, kupita ku Nashik ndi Ujjain, n'kudzera kwa abale ku Gujarat. Njira iliyonse imakwanira m'masabata awiri. Mzinda uliwonse upatsidwe masiku osachepera awiri, chifukwa miyambo ikuluikulu imachitika m'bandakucha ndi madzulo. Liwiro la ulendo wonse liyezedwe ndi munthu wofooka kwambiri pagululo, osati wamphamvu.

Nthawi yabwino

Nyengo yabwino kumpoto kwa India ndi kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha koopsa, kupitirira madigiri 40, ndipo miyala ya pa ghat imawotcha mapazi. Kuyambira Julayi mpaka Sepitembala ndi nyengo ya mvula: mitsinje imasefukira, makwerero amamira, ndipo nthawi zina mabwato amaletsedwa. Mu Disembala ndi Januwale kumazizira kwambiri usiku, ndipo chifunga chimachedwetsa sitima ndi ndege. Kwa banja lokhala ndi okalamba, Novembala, Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi ndiyo miyezi yosavuta.

Masiku a zikondwerero amatsata mwezi wakumwamba, motero amasintha chaka ndi chaka, ndipo wansembe wa pakachisi wa ku Lilongwe angathandize kuwapeza. Diwali imagwa mu Okutobala kapena Novembala, Mahashivaratri mu Febuluwale kapena Malichi. Mu Julayi ndi Ogasiti anthu miyandamiyanda amapita wapansi ku Haridwar kukatunga madzi a Ganga, ndipo misewu ina imatsekedwa. Ku Prayagraj kumakhala msonkhano wa Magh Mela mu Januwale ndi Febuluwale chaka chilichonse.

Msonkhano waukulu kuposa yonse ndi Kumbh Mela, umene umachitika mosinthana m'mizinda inayi: Prayagraj, Haridwar, Nashik ndi Ujjain, ndipo umabwerera mumzinda uliwonse pakatha zaka pafupifupi 12. Wa ku Prayagraj udachitika kuyambira pa 13 Januwale mpaka pa 26 Febuluwale 2025, ndipo pa 29 Januwale anthu osachepera 30 adafa atapondana pafupi ndi Sangam. Wa ku Nashik ukuyembekezeka mu 2027, wa ku Ujjain mu 2028. Pa nthawi zotere malo ogona amakwera mtengo ndipo munthu amayenda wapansi mitunda italiitali. Banja lokhala ndi ana aang'ono, okalamba kapena odwala lipewe masiku akuluakulu osambira.

Ziphaso

Pasipoti ndiyo yoyamba kuiona. Iyenera kukhala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito kuwerengera tsiku lofika ku India, ndiponso masamba awiri opanda kanthu. Amene alibe, kapena amene yake ili pafupi kutha, apite ku ofesi ya Immigration miyezi ingapo ulendo usanafike, chifukwa pasipoti simatuluka tsiku limene munthu akuifuna.

Mmalawi amafunika viza kuti alowe mu India. Angaipemphe ku ofesi ya kazembe wa India mumzinda wa Lilongwe, kapena pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la India. Yopempha pa intaneti imafuna kuti munthu alembetse masiku osachepera 4 asanafike, koma ndi nzeru kutero kudakali masabata. Pali masamba ena abodza ofanana ndi a boma amene amalipiritsa ndalama zowonjezera, choncho wopempha atsimikize kaye ku ofesi ya kazembe. Anthu amene makolo awo adachokera ku India ndipo ali ndi khadi ya OCI safunika viza, koma ayenera kunyamula khadiyo pamodzi ndi pasipoti. Mtundu wa viza ugwirizane ndi cholinga cha ulendo: amene ali ndi viza ya chipatala kapena ya maphunziro afunse zimene vizayo imalola.

Pepala lililonse lijambulidwe makope awiri. Ena atsale kunyumba ndi m'bale wodalirika, ena ayende m'chikwama chosiyana ndi chimene muli pasipoti, ndipo zithunzi zake zisungidwe m'foni.

Ndalama

Mbali yaikulu ya ndalama imapita ku tikiti ya ndege. Zotsala ndi viza, katemera, inshuwalansi ya ulendo, sitima ndi magalimoto a ku India, malo ogona, chakudya, zopereka za m'kachisi, malipiro a wansembe ndi mphatso za abale. Zonsezi zilembedwe m'kope, ndipo pamwamba pake paikidwe gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi.

Mtengo wa tikiti umatsata dola ya ku America, choncho kwacha ikagwa, monga idachitira mu Novembala 2023 pamene idatsika ndi 44 peresenti, ndalama zimene banja lidasunga zimaperewera mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ndi bwino kugula tikiti msanga ndalama zikangokwana. Ndalama zakunja zimavuta kupeza, motero pempho lipite kubanki kudakali nthawi, limodzi ndi pasipoti, viza ndi tikiti. Zigulidwe kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, ndipo lisiti isungidwe. Zogula kwa osintha ndalama a mumsewu zingakhale zachinyengo, komanso ndi mlandu. Amene akusonkha kudzera m'chipereganyu kapena banki m'khonde akonze kuti alandire gawo lake miyezi itatu ulendo usanachitike. Katapila asakhale njira yopezera ndalama za ulendo wopemphera.

Ndalama ya ku India ndi rupee. Wolowa m'dzikolo ndi ndalama zamapepala zoposa madola 5,000 ayenera kuziulula pabwalo la ndege. M'mizinda ya m'mbali mwa mitsinje mumafunika ndalama zing'onozing'ono zolipirira bwato, maluwa ndi osunga nsapato. Ndalama zisasungidwe ndi munthu mmodzi, koma zigawidwe kwa akuluakulu awiri kapena atatu.

Thanzi

Malawi sali m'gulu la mayiko a matenda a yellow fever, koma ndege zochoka ku Lilongwe kupita ku India zimadzera ku Ethiopia kapena ku Kenya, kumene matendawa amapezeka. Dziko la India limakhwimitsa lamulo pa nkhaniyi ndipo lingathe kusunga payekha, mpaka masiku 6, munthu wopanda umboni wa katemera. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo amalembedwa m'khadi yachikasu. Okalamba, amayi oyembekezera ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika ayambe aonana ndi dokotala asanabayitse. Popeza ku Lilongwe kudapezeka poliyo mu Febuluwale 2022, woyenda afunsenso ku ofesi ya kazembe za katemera wa poliyo pa nthawi yopempha viza.

Odwala shuga, BP, mphumu ndi amene amamwa ma ARV anyamule mankhwala okwanira ulendo wonse ndi sabata imodzi yapadera, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Mankhwalawa ayende m'chikwama cha m'manja. Nthawi ya ku India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka poyerekeza ndi ya ku Malawi, choncho dokotala alongosole mmene nthawi yomwera isinthire.

Matenda amene amagwira alendo ambiri ndi kutsegula m'mimba. Madzi akumwa akhale a m'botolo lotsekedwa kapena owiritsa, chakudya chikhale chotentha, ndipo zipatso zikhale zosenda. Mapaketi a Thanzi ORS asasowe m'chikwama. Udzudzu wa kumeneko umafalitsa malungo ndi dengue, makamaka mvula ikangotha. Galu kapena pusi akaluma munthu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Mayendedwe

Kuchoka ku Area 49, njira ya ku bwalo la ndege la Kamuzu ndi yodzera ku Kanengo pa msewu wa M1 mpaka ku Lumbadzi. Galimoto ipanganidwe dzulo lake, mafuta athiriretu, ndipo banja lifike pabwalo maola atatu ndege isananyamuke. Palibe ndege yopita ku India mwachindunji: Ethiopian Airlines imadzera ku Addis Ababa kupita ku Delhi kapena Mumbai, pomwe Kenya Airways imadzera ku Nairobi kupita ku Mumbai. Wokalamba wovutika kuyenda apemphedwere njinga ya olumala pa nthawi yogula tikiti. Tsiku loyamba ku India likhale lopumula.

M'kati mwa dzikolo njira yodalirika ndi sitima ya pamtunda. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60 ndipo amatha msanga pa nyengo ya zikondwerero. Sitima yothamanga ya Vande Bharat imayenda maola pafupifupi 8 kuchoka ku Delhi kukafika ku Varanasi. M'sitima zogonamo, okalamba apemphedwere bedi la pansi. Ku Varanasi kulinso bwalo la ndege. M'mizinda yakale misewu ndi yopanikiza kotero kuti galimoto sifika pa ghat. Munthu amatsika patali n'kuyenda wapansi kapena kukwera njinga ya mawilo atatu. Mtengo wa njinga ndi wa bwato ugwirizanidwe asanakwere. Nambala ya ngozi m'dziko lonse ndi 112, ya sitima ndi 139.

Malo ogona ndi chakudya

Kuwonjezera pa mahotela, kuli nyumba zotsika mtengo za alendo opembedza zotchedwa dharamshala, ndipo zina zimayendetsedwa ndi magulu a anthu a ku Gujarat. Lamulo limafuna kuti mwini malo alembetse mlendo aliyense wakunja ku boma, ndipo si nyumba zonse zimene zimalandira anthu a pasipoti yakunja. Ili ndi funso lofunsiratu asanalipire. Afunsenso ngati pali madzi otentha, chipinda cha pansi, ndi mtunda wokafika kumtsinje. Mapulagi a magetsi a ku India ndi osiyana ndi a kuno, choncho pafunika adaputa.

Ku Haridwar ndi ku Rishikesh nyama ndi mowa n'zoletsedwa, ndipo pafupi ndi akachisi a m'mizinda inayo chakudya ndi chamasamba chokhachokha. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi mpunga, chapati, mphodza, mbatata ya kachewere, masamba ndi chambiko. Wosazolowera tsabola anene poitanitsa.

Khalidwe m'kachisi ndi pamtsinje

Nsapato zimavulidwa pakhomo la kachisi, ndipo m'malo ena lamba ndi chikwama chachikopa sizilowa. Zovala zibise mapewa ndi mawondo. Ku Kashi Vishwanath foni ndi zikwama zimasiyidwa m'mabokosi otsekera, ndipo mlendo wakunja amafunsidwa pasipoti. Opembedza amazungulira malo opatulika atawasunga kudzanja lamanja, ndipo chakudya chodalitsidwa, prasad, chimalandiridwa ndi dzanja lamanja. Akachisi ena, monga wa Vishnupad ku Gaya, salowetsa amene si Mhindu. Woperekeza wa chipembedzo china afunse pakhomo ndipo adikire panja mwaulemu ngati wakanizidwa. Pa ghat aliyense amaloledwa. Safunsa adadya phula.

Ku Haridwar ndi ku Rishikesh madzi ndi ozizira ndipo amathamanga kwambiri. Wosamba agwire unyolo umene udamangidwa m'mbali mwa makwerero, asapitirire mpanda, ndipo wina atsale kumtunda ndi katundu. Miyala yonyowa imaterera. Amayi amasamba atavala, ndipo pali timanyumba tosinthiramo. Kumunsi kwa mtsinje, makamaka ku Varanasi ndi m'Yamuna, madzi amalowa zonyansa za m'mizinda, ngakhale boma lidayamba ntchito yoyeretsa Ganga ya Namami Gange mu 2014. Amene ali ndi bala kapena thupi lofooka angathe kungodziwaza madzi pamutu, ndipo asamwe.

Kujambula powotchera mitembo n'koletsedwa. Pamalopo ndi pamakomo a akachisi pamakhala madobadoba opempha ndalama za nkhuni za amasiye kapena olonjeza kudumphitsa mzere. Zopereka ziponyedwe m'bokosi la kachisi kapena ziperekedwe ku ofesi yopereka lisiti, ndipo malipiro a wansembe agwirizanidwe mwambo usanayambe. Ku Vrindavan apusi amatsomphola magalasi a m'maso ndi mafoni. Pagulu la anthu, mwana ndi wokalamba aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina la malo ogona ndi nambala ya foni, ndipo banja lipangane pokumanira likasowana.

Kunyamula phulusa ndi madzi

Banja lonyamula phulusa la womwalira lifunika chikalata cha imfa, chikalata chosonyeza kuti mtembo udawotchedwa, ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa India. Kampani ya ndege iuzidwe pogula tikiti, ndipo phulusalo likhale m'chotengera chotsekeka bwino chimene makina a pabwalo la ndege angathe kuunika. Wansembe wa kuno angalumikize banja ndi wansembe wa ku Haridwar, Prayagraj, Varanasi, Nashik kapena Chandod kuti tsiku ndi zofunika pamwambo zidziwike ulendo usanayambe.

Pobwerera ambiri amatenga madzi a Ganga. Popeza m'chikwama cha m'manja saloleza zamadzimadzi zoposa mamililita 100, madziwa aikidwe m'chigubu chotseka bwino, chokulungidwa m'pulasitiki, m'katundu wopita pansi pa ndege. Mbewu, zipatso ndi zomera sizilowa m'dziko muno popanda chilolezo cha a zaulimi.

Ndondomeko ya kukonzekera

Kutatsala miyezi 6: banja ligwirizane cholinga, mizinda ndi amene akupita, lione mapasipoti, liyambe kope la ndalama.

Kutatsala miyezi 3: kugula tikiti ya ndege, kuonana ndi dokotala, kulandira katemera, kupempha tchuthi kuntchito ndi kusukulu.

Kutatsala miyezi 2: kugula matikiti a sitima, kusungitsa malo ogona, kulumikizana ndi wansembe.

Kutatsala mwezi umodzi: kupempha viza, kenako ndalama zakunja kubanki, kugula inshuwalansi, kukonza zikalata za phulusa ngati zilipo. Okalamba ayambe kuyenda wapansi tsiku lililonse kuti miyendo izolowere makwerero.

Sabata yomaliza: kujambula makope a ziphaso, kulongedza mankhwala ndi zovala zofunda, kulipira lendi, madzi ndi mayunitsi a magetsi, kusiya munthu wogona pakhomo, ndi kudziwitsa oyandikana nawo nyumba komanso a chitetezo cha m'dera.

Akabwerera, aliyense amene watentha thupi, akutsegula m'mimba kosalekeza kapena maso achita chikasu apite kuchipatala msanga, ndipo auze dokotala mizinda imene adafikako ndi masiku ake.